Msana Wanga pa Makamizola a Ana Osambira

1

Amuna anga a Raimundo ali ndi ngongole kwa ine. Si ya ndalama ayi, ndalama zawo ndimadziwa pomwe amabisa, ndikazifuna ndimangotenga. Ngongole yake ndi ya liwu limodzi lokha: zikomo. Ndalidikira zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Liwu loti ngakhale khanda limanena ukalibenthulira mbatata, bambo wandevu zake likumukanika.

Ine ndine Odeta, wa ku Mwaladzi m'boma la Chifunde. Ndimagulitsa mtedza ndi nyemba pamsika, ndipo woti n'kundipusitsa pamtengo sanabadwe. Sikola ndinalekeza kalasi yachitatu, ndiye mawu opaka mafuta musawayembekezere. Ndinena momwe zinakhalira, wokwiya akwiye.

Kuno kwathu kulibe amene sadziwa nkhani ya a Raimundo ndi mtsinje wa Luwiya. Ngakhale mbuzi zikuidziwa. Akuti chaka china mvula itagwa kumtunda, mnyamata ndi mtsikana ankawoloka padooko, madzi n'kubwera mwadzidzidzi, n'kukokolola mtsikanayo. Mnyamata uja anadziponya, nalimbana ndi madzi mpaka kumutulutsa wamoyo. Mtsikanayo ndine. Atsibweni anga a Yoramu anali atamukana mnyamatayo katatu, amvekere, “Woonda ngati bango ameneyu, khasu lingamumvere?” Koma atamva za ku Luwiya, mawa lake lomwe anamulozera malo omanga nyumba pamudzi pathu.

Vuto la nkhani imeneyi ndi loti imakula ngati dzungu. Chaka choyamba munali madzi okha. Chaka chachisanu munalowa ng'ona. Pano ng'onazo zilipo ziwiri, ndipo akamwako pang'ono pamakhalanso mvuu yomwe inkaonerera.

Ine ndinkangoti phee. Anthu ankati ponena za ine, “Mai a Nércia saiyankhula nkhaniyi, anaopsedwa kwambiri.” N'zoona kuti chichitikire zimenezo, palibe anandionapo ndikulowa m'madzi opitirira m'mawondo.

2

Chaka chatha kunabwera apulofesola atsopano pasikola, dzina lawo a Carla, ochokera ku Tete. Ataona momwe ana amavutikira kuwoloka makwawa nthawi ya dzinja, anayamba kuwaphunzitsa kusambira padamu lomwe anasiya okonza msewu. Anayamba ndi ana asanu, mapeto ake anakwana makumi awiri, n'kukhala ekipa yeniyeni. Wothamanga m'madzi kuposa onse anali mwana wanga Nércia, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi.

“Magazi a bambo ake amenewo!” anthu ankatero.

Bambo akewo, osadikira kupemphedwa, anadziika okha kukhala mkulu wa ekipa. Anagula kherere, n'kumaima pamtunda atavala chipewa chawo chamlaza, n'kumakuwa, “Miyendo! Miyendo imeneyo!” Ana akawapempha kuti alowe awaonetse, ankagwira khutu.

“Khutu ili linalowa mchenga wa Luwiya. Adotolo anandiletsa.”

Ine ndikadutsa ndi dengu langa ndinkangoyang'ana kumbali. Tsiku limodzi lokha pakamwa panandipulumuka. Ndinaona Nércia akudzutsa mutu wonse popuma, ndiye ndinangoti, “Iwe, tembenuza khosi, usadzutse mutu!” Apulofesola anandiyang'ana modabwa. Ndinati ndinazimva kwa bambo ake, n'kuthawapo.

Kenaka kunabwera kalata yoti ekipa ikapikisane ku Tete, m'dziwe la simenti lomwe amati pisina. Apulofesola anaitana makolo pansi pa mtengo wa mango wa pasikola.

“Ekipa iliyonse imavala malaya ofanana, makamizola, okhala ndi chizindikiro chake,” anatero. “Makamizola oyera ndapeza. Chatsala ndi choti tijambulepo. Anzathu a ku Tete amakonda nyama za m'madzi. Ife bwanji ng'ona?”

Mai Feliciana, amene timachapa nawo pamtsinje, anadzuka ngati akhalira singano.

“Ng'ona? Pachifuwa cha mwana wanga? Kuti tsiku lina ikadzagwira munthu, anthu adzati inatumidwa ndi banja liti? Apulofesola, ku Tete ng'ona ndi nyama. Kuno ng'ona imakhala ndi mwini wake.”

Ng'ona inafera pomwepo. Wina anati mlamba. A mpingo uja sadya nsomba zopanda mamba anati ana awo sangavale chonyansa. Wina anati chule, bambo wina n'kuvula jekete, akuti amene akufuna kutcha mwana wake chule anenere pafupi. Katumbu anamukana kuti ndi wakuba, amapisa m'mono mwa eni. Bakha anamukana kuti amadya zilizonse. Wina anangoyerekeza kuti mvuu, anthu onse n'kutembenukira kwa mai ena ake, sindiwatchula, mpaka maiwo anatenga mpando wawo n'kumapita.

Dzuwa linafika pamutu tisanagwirizane. Ine mtedza wanga uli wokha pamsika. Ndinati, “Jambulanipo madzi okhaokha tizipita.”

Apa m'pamene amuna anga anatsokomola, kutsokomola kuja amachita akafuna kutamandidwa.

“Ine ndikudabwa,” anatero, “tikusakasaka nyama ngati kuno kulibe anthu odziwa madzi.”

Anthu anaombera m'manja. “Ngwazi ya pa Luwiya! Ajambulepo ngwazi ya pa Luwiya!” Palibe mpingo unakana, palibe anavula jekete. Ndipo poti aliyense amadziwa pakamwa panga, anasankha ine kuti ndikakambirane ndi wojambula.

3

Wojambula kuno ndi mmodzi, a Ezequiel. Ndi amene amajambula mitu ya anthu pamakoma a ometa tsitsi, ndi mabotolo otuluka thukuta pamabaraka ogulitsiramo mowa. Munthu wosayankhulayankhula, koma maso ake sataya kanthu. Ndinawapeza akusakaniza utoto, womwe kuno timati tinta, m'chitini cha sadini.

“Kumadre, mwabwera ndi mtendere?” anatero, poti kuno mai wodziwana naye amamuitana choncho.

“Ndabwera ndi ntchito. Makamizola makumi awiri. Makolo akufuna ngwazi ya pa Luwiya.”

Anasiya kutakasa. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso.

“Ya pa Luwiya,” anabwereza.

“Mwamva bwino.”

“Chabwino. Mitundu itatu ya tinta, madzi obiriwira, anthu akuda, dzuwa lofiira. Ndiyamba ndajambula papepala kuti muone. Mundipatsa mbuzi.”

Ndinaseka mpaka ndinagwira khoma. “Mbuzi! Mukujambula tchalitchi kapena? Dzuwa lichoke, ana akudziwa kale kuti kumwamba kuli dzuwa. Mtundu umodzi basi.”

“Ndiye nkhuku zitatu.”

“Za papepalazo zichokenso. Pepala avala ndani?”

“Kumadre, chitsanzo n'chofunika. Mwini ntchito amayenera aone kaye, avomereze.”

“Ine ndavomereza kale. Chotsani.”

Anapumira m'mwamba. “Komabe chithunzi chimenechi chimafuna anthu awiri. Tsiku lija m'madzi munali anthu awiri.”

“Awiri achiyani? Tinta mukuiona ngati madzi a pachitsime? Mmodzi.”

“Mmodzi uti?”

“Funso lanji limenelo? Wosambirayo! Kodi ekipayi ndi ya anthu omira?”

“Wosambirayo,” anatero pang'onopang'ono. “Ndendende momwe analili?”

“Ndendende. Musandichedwetse, ndasiya malonda.”

Tinamalizira pa tambala mmodzi ndi ndowa ya mtedza wosasenda. Ndinatuluka ndikudzitama kuti lero ndiye ndameta munthu popanda madzi. Sindinadziwe kuti lumo lake ndalinola ndekha, ndipo mutu wake ndi wanga.

4

Makamizola anafika Loweruka masana, atakulungidwa m'thumba la feteleza. Kudamu kunadzaza anthu. Amuna anga anavala jekete la ukwati, ndevu atapesa. Apulofesola anaimika ana pamzere, n'kuwagawira kuti avale onse nthawi imodzi, kenaka atembenuke.

Anatembenuka.

Ntchito inali yokongola, pamenepo sindinganame. Mafunde atatu, pakati pake munthu akusambira, tikumuonera kumsana, dzanja limodzi lili m'mwamba likudula madzi. Pansi pake analemba dzina la Mwaladzi. Anthu anayamba kuombera m'manja, koma kuombako kunazilala ngati moto wa mapesi.

“Kodi a Raimundo ankaluka tsitsi?” anafunsa wina.

Munthu wa pachithunzi anali ndi malukidwe awiri ogwera m'khosi. Chiuno chake sichinali cha mwamuna. Msana unali pamtunda, wopanda bulauzi. Ndipo m'munsi mwa phewa lamanzere munali kachizindikiro ka mizere itatu yokumana pamodzi.

Mai Feliciana anayandikira mwana wawo, n'kumugwira kamizola, n'kuiyang'anitsitsa. Kenaka anakuwa mawu oti anamveka mpaka kutali ku Nsadzo.

“Phazi la nkhuku! Amai inu, bwerani mudzaone! Ili si phazi la nkhuku la mai a Nércia ili?”

Ndikuuzeni. Ndili khanda ku Zambia, komwe makolo anathawira nkhondo, ndinagwera chagada pa mbaula. Chipsera chake chinatsala chooneka ngati phazi la nkhuku. Chili pamalo poti bulauzi imabisa. Amachidziwa ndi amai omwe timasamba nawo kumadzi a m'mawondo, ndi mwamuna mmodzi yekha amene ali ndi chilolezo.

Tsono chinali pa zifuwa makumi awiri, chojambulidwa ndi mwamuna wina, osaphonya ngakhale chala chimodzi cha nkhukuyo.

“Anachionera kuti Ezequiel?”

“Si paja anapita yekha kukakambirana?”

“N'chifukwa chake mtengo unatsika chonchija! Mbuzi mpaka kufika pa tambala!”

Limeneli ndiye linandiwawa koposa. Luso langa la pamsika kulisandutsa chigololo! Makolo anayamba kuvula ana awo makamizola ngati muli nyerere. Apulofesola ankangowachonderera, ulendo wa ku Tete utatsala masiku asanu ndi limodzi. Nércia anandiyang'ana kamodzi, n'kuthamangira kunyumba. Ndinafunafuna amuna anga ndi maso. Anali ataweramira pansi, akupukuta kherere ndi jekete.

5

Ndinayamba ndi a Ezequiel. Ndinawapeza akudyetsa tambala wanga uja.

“Munalumbira!” ndinatero. “Munalumbira pa manda a amai anu!”

“Ndinalumbira kuti sindidzanena. Mwandimva ndikunena?”

“Nanga ichi n'chiyani?”

“Ndinakuuzani kuti pakufunika anthu awiri, munakana. Ndinati muone chitsanzo, munakana. Ndinafunsa kuti uti, munati wosambirayo. Kumadre, ine mitu ya pa ometa tsitsi ndimapeka. Koma munthu wosambira pa Luwiya itadzaza ndinamuona mmodzi yekha moyo wanga wonse. Dzanja langa linakana kunama.”

“Akazi anu akuti chiyani?”

“Apita kwawo ndi mapoto omwe. Ndiye mundimasule lumbiro lija, kapena mukonze nokha.”

Kunyumba ndinapeza amuna anga atakhala pakhonde, nkhope ataikwinya ngati munthu wamwa mankhwala a malungo.

“Bambo a Nércia,” ndinatero, “inu mukudziwa komwe a Ezequiel anauonera msana uwu. Pitani mukawauze anthu.”

Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. “Odeta, taganiza. Ndikanena, ine ndikhala ndani pamudzi pano?”

“Mukapanda kunena, ine ndikhala ndani?”

“Zako ziiwalika. Anthu ayankhula mwezi umodzi basi.”

“Ndiye mwakwinyiranji nkhope?”

“Ndiyenera kukwiya. Mwamuna zikatere amakwiya. Ndikapanda kukwiya anthu afunsa chifukwa.” Anakhosomola. “Ndapita kale kwa atsibweni. Mlandu ndi Lolemba. Iwe udzangopepesa pang'ono, ine ndidzakukhululukira pamaso pa anthu, nkhani yatha. Onse tipindula.”

Pamsika ndakumana ndi akuba amitundumitundu, koma wondigulitsa chimanga changa chomwe ndinali ndisanamuone.

Nércia anali kuseri, akusenda mtedza mwaukali ngati mtedzawo ndi umene wamulakwira.

“Amai, anzanga akuti sindine mwana wa ababa. Akuti mwina ndine wa a Ezequiel.”

“Wayang'ana makutu akowo? Makutu otere kuno ali ndi munthu mmodzi.”

Sanaseke. “Ndiye n'zoona kapena n'zabodza?”

“Lolemba upite kusikola. Pobwera udzapeza yankho.”

Ndinatumiza mawu kwa a Yoramu kuti kumlandu ndidzabwera, koma ukakambidwe padamu, pomwe ndinachitidwira manyazi.

6

Lolemba mmawa, ana onse ali m'kalasi, akuluakulu anasonkhana pakhoma la damu, mbali yakuya. A Yoramu anakhala pampando ngati nkhoswe, ndodo ili pakati pa miyendo. A Ezequiel anakhala pamwala poteropo. Mai Feliciana anabwera ndi mphasa ndi nzimbe, ngati kuli gule.

Amuna anga anayankhula nthawi yaitali. Anayambira ku Luwiya, monga mwa masiku onse. Tsiku limenelo ng'ona zinali zitatu.

“Ine amene ndinataya moyo wanga chifukwa cha mkazi ameneyu,” anamaliza motero, “lero ndikulipidwa chonchi.”

A Yoramu anatembenukira kwa ine. “Mphwanga, wamva. Msana wako unafika bwanji m'maso mwa Ezequiel?”

Ndinaimirira. “Atsibweni, ndifunse kaye mwini mlandu. Bambo a Nércia, pali chomwe mukufuna kuwonjezera? Kapena kuchotsera?”

“Palibe.”

“Ganizani bwino. Uwu ndi mtengo womaliza.”

“Ndati palibe.”

“Chabwino. Poti moyo wanga ndi wanu, munautola nokha pa Luwiya, kautoleninso.”

Ndinavula masilipasi, n'kumanga kapulana, chitenje changa, ngati thewera, n'kudziponya m'damu. Phava!

Zomwe zinamveka kumtunda ndinazimva ngati zili m'mtsuko. Ndinatsika mpaka pansi, n'kuyenda chamunsimunsi kulowera kumabango a mbali ina. Ndinatulutsa mphuno ndi maso okha pakati pa mabango, n'kumaonerera.

Eya, owerenga. Ine ndimasambira. Makolo atabwerera kuno nkhondo itatha, ine ndinatsala ku Zambia kwa azakhali mpaka nditakula, ndipo kumeneko ana a azakhali, anyamata okhaokha, ankandiponya mumtsinje tsiku ndi tsiku mpaka ndinayamba kuwapitirira. Pobwera ku Mwaladzi palibe ankadziwa. Tsiku la pa Luwiya, amene anakokoloka ndi madzi anali Raimundo. Anamira ngati nkhwangwa. Ine ndinavula bulauzi ndi kapulana kuti zisandikole, ndinamutsatira, n'kumukoka iye akundikanda khosi ndi kuitana amai ake. Kutsidya kunali mnyamata akuwedza, ndiye anatiponyera nsungwi. Mnyamatayo ndi Ezequiel. Msana wanga anauonera pamenepo, ndikukwawira pamchenga ndi munthu wanga kukhwapa.

Ndipo bodza lija sanapeke ndi Raimundo. Ndinapeka ndine. Ndinkamufuna, woonda yemweyo, ndipo atsibweni ankamukana. Ali chigonere pamchenga akusanza madzi, ine ndinaona mwayi. Ndinati, “Tikafika kumudzi, iwe ndi amene wandipulumutsa. Wamva?” Ezequiel ndinamulumbiritsa. Ng'ona zokha ndiye anawonjezera mwini wake.

Tsono ndili m'mabango muja, ndinkafuna chinthu chimodzi: akuwe pamaso pa anthu kuti, “Sinditha kusambira!” Basi. Ndikanatuluka.

Kumtunda kunali chipwirikiti. Amai akulira, a Yoramu akumenya ndodo pansi.

“Raimundo! Lumpha! Ukudikira chiyani?”

Amuna anga ankathamanga uku ndi uku pakhoma, akuimba kherere ngati madzi amva n'kupatuka.

“Atuluka!” ankatero. “Dikirani, atuluka yekha!”

“Atuluka bwanji munthu wosadziwa madzi? Lumpha, ngwazi!”

Anaima, n'kuyang'ana pomwe ndinagwera. Madzi anali atabwerera mwakale, ali zii. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Kukwinya kwabodza kuja kunachoka.

“Odeta,” anaitana. “Odeta, basi, zakwana.” Kenaka mokweza: “Papita zaka zambiri, mwina waiwala! Odeta!”

Ndinati tsopano anena. Ndinakonzeka kutuluka.

Sananene. Anavula nsapato imodzi, inayo anaiiwala, anatseka mphuno ndi zala, n'kulumpha. Ndi jekete la ukwati, ndi chipewa, ndi kherere kukamwa.

Anthu anaombera m'manja. Chipewa chinayandama. Mwini chipewa sanayandame.

“Taonani luso!” anatero wina. “Akumusaka pansi!”

Ndinatukwana mawu oti sangalembedwe m'magazini. Chitsiru chimenechi, chodziwa bwinobwino kuti m'madzi ndi mwala, chalumphira ine! Ndinachoka m'mabango ngati ndaponyedwa ndi uta. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndisanatambasule manja m'madzi, koma thupi linakumbuka lokha. Ndinamira pomwe panali chipewa, ndinagwira kolala ya jekete, n'kukoka. Anatulukira akutsokomola, n'kundikanda khosi malo omwe aja a kale.

“Amai ine! Amai ine!”

“Amai anu ali kumanda, gwirani phewa! Musandikanyange!”

Pokoka paja bulauzi inang'ambika kumsana. Ndiye mudzi wonse unaona chomwe a Ezequiel anaona: mafunde, malukidwe awiri, dzanja lili m'mwamba, phazi la nkhuku m'munsi mwa phewa. Kusiyana kwake n'koti apa panali munthu wachiwiri uja ndinakana kulipira, akulendewera ngati thumba la makala.

Amene anatiponyera nsungwi ndi a Ezequiel omwewo. Anali atabwera nayo kuchokera kunyumba.

7

Tinafika pamtunda. Mai Feliciana, nzimbe ili kukamwa, anavula kapulana yawo yapamwamba n'kundifunditsa. Amuna anga anagona chafufumimba akulavula damu.

A Yoramu anayang'ana ine, anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ana kamizola yomwe inabwera ngati umboni.

“Ezequiel,” anatero, “pa Luwiya zinali chonchi?”

A Ezequiel anandiyang'ana. Ndinagwedeza mutu.

“Chonchi ndithu, akulu. Kungoti tsiku lija nsapato anataya zonse ziwiri.”

“Nanga ng'ona?”

“Ine ndinaonako nkhanu.”

Kuseka kunaphulika mpaka mbalame zinathawa m'mabango. A Yoramu okha ndi amene sanaseke.

“Ndiye kuti malo aja ndinapereka ulere? Zaka zonsezi ndakhala ndikumupatsa ntchafu ya nkhuku munthu ameneyu!”

“Atsibweni,” ndinatero, “wolakwa ndine. Bodza ndinapeka ndine, chifukwa inu munkamukana. Koma mwaona nokha lero. Munthu wodziwa kusambira akalumpha, n'chiyani chachilendo? Uyu sadziwa, koma walumpha. Malowo walipira lero.”

Akuluwo anakanda mutu. “Mlandu wa chigololo palibe. Wa bodza ulipo, koma sindikudziwa womulipiritsa. Wina apite akatenge mkazi wa Ezequiel ndi mapoto ake.”

Ana potuluka kusikola anapeza nkhani ili ponseponse. Nércia anabwera chothamanga, n'kuima pakhomo akupuma mwawefuwefu.

“Amai! Ndiye kuti magazi aja ndi anu?”

“Makutu ndi a bambo ako. Zinazo ndi zanga.”

“Nanga zaka zonsezi mumangondiyang'ana ndikudzutsa mutu?”

“Ndinakuuza kamodzi, sunamve. Mawa mmawa tikumane padamu.”

Makamizola anatuluka momwe anabisidwa. Mai Feliciana ndi amene anayamba kuveka mwana wawo, akuuza aliyense kuti iwo anadziwa kale kuti pali china chake. Ku Tete ekipa yathu sinapambane, ana athu anali asanaonepo madzi oti pansi pakuoneka, ena anataya nthawi kuyang'ana mizere ya pansi pa dziwe. Koma Nércia anabwera wachiwiri pa atsikana, osadzutsa mutu ngakhale kamodzi. Apulofesola akuti anthu kumeneko ankafunsa tanthauzo la mizere itatu ija, ana n'kumayankha kuti ndi chizindikiro cha kwathu.

8

Amuna anga anakhala masiku anayi osatuluka m'nyumba. Lachisanu lake ndinawaona akupita kudamu ndi zigubu ziwiri zopanda kanthu, atazimanga ndi chingwe m'chiuno. Pano amaphunzira ndi tiana ta kalasi yoyamba, kumadzi osaya. Kherere ili ndi ine.

Tsiku lina pobwera kumeneko, tikuyenda awiriwiri m'njira ya m'munda, anayang'ana kumbuyo ndi kutsogolo kuti aone ngati kuli anthu, kenaka anayankhulira m'ndevu.

“Zikomo.”

“Mwati?”

“Wamva.”

“Ndamva. Ameneyo ndi wa padamu. Nanga wa pa Luwiya?”

Anaima, zigubu zikugundana m'chiuno. “Wa pa Luwiya sindipereka.”

“Chifukwa?”

“Unandivuula m'madzi n'kundiponya m'bodza. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuopa chithaphwi chilichonse, kuti mwina mwana wa munthu agweramo anthu n'kuitana ine. Ukudziwa kulemera kwake kwa ng'ona zitatu? Pamenepo tinafanana. Sindipereka, ngakhale upite nane kwa atsibweni.”

Owerenga anzanga, makamaka amai, mverani kuno. Ngati mwaganiza zomuveka mwamuna wanu ulemu womwe si wake, dziwani kuti chovala chimenecho adzakulira momwemo, ndipo tsiku lochivula chidzachoka ndi khungu, lake ndi lanu lomwe. Ine ndinanama tsiku limodzi, n'kudzimana madzi zaka zonsezi, pomwe madzi ndinkawakonda kuposa nyama. Chachiwiri, wojambula akakuuzani kuti muone kaye chitsanzo, perekani nkhukuyo. Pali zinthu zina zosayenera kunenerera, ndipo ndikunena ine, Odeta wa pamsika.

Koma za zikomo uja musaganize kuti ndasiya. Iwo akuti sapereka, ine ndikuti ngongole ilipo. Dzulo apulofesola ananena kuti bambo a Nércia akhoza tsopano kuyesa mbali yakuya, opanda zigubu. Wowayang'anira ndine. Ndawauza kale kuti ndikadzafika pomwe pali chipewa, ndisanagwire kolala, ndidzayamba ndafunsa.